Sikelo Imene Inabera Mwini Wake

Zikomo amayi, zikomo abambo. Anamwino andipempha kuti pamene tikudikira zenera la mankhwala kuti litsegulidwe, ndinenepo mawu. Ndilankhula chokhala, chifukwa mwendo wamanzerewu sugwirizana ndi kuimirira. Amene muli kumbuyoko mukapanda kumva munene, pakamwa pangapa mpaka lero pamakokera mbali imodzi.

Ena mukundidziwa. Ndine Nambewe, uja wa sikelo pansi pa mkuyu pa Malomo. Ndikuona nkhope zingapo pano zimene zinandigulitsapo mtedza ndi soya, ndipo ndikudziwa chimene chili m'mitima mwanu. Musadandaule, nkhani imeneyo sindiilumpha.

Tonse tili pabenchi pano tabwera ndi matenda amodzi, bipi, ena ndi shuga pamwamba pake. Ambiri mwa ife ndife a matupi. Koma ine thupi ili sindinabadwe nalo ayi. Ndinachita kulifuna, ndinachita kulisakasaka, ndipo linatsala pang'ono kusiya mwana wanga wopanda bambo, wopanda mayi.

Amuna anga, bambo a Tiyamike, ankayenda pa lole yonyamula fodya kupita ku Kanengo. Anadwala chaka chija tisanavote zipani zambiri. Munthu wachifuwa chotakata, wonyamula belo la fodya yekha, anayamba kutsika. Mwezi ndi mwezi lamba tinkaboola bowo lina. Pomaliza ndinkawanyamula ndekha kupita nawo kubafa, ndipo sankalemera. Tiyamike anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. M'mawa uliwonse akamapita kusukulu ankaima pakhomo, n'kucheuka, kuyenda pang'ono, n'kucheukanso, kuopa kuti akabwera sadzawapeza. Tsiku lina sanawapezedi.

M'nyumba ya siwa ndinagona chafufumimba, nsalu ili kumutu. Amayi awiri anayesa ndagona tulo. Mmodzi anati, "Ameneyu ndi kaliwondewonde basi." Winayo anati, "Nanga n'kufunsa? Mkaziyunso tingowerenga miyezi. Taonani mafupa a m'khosiwo."

Mawu amenewo anandilowa kuposa nyimbo zonse za pamalirowo. Ndinalumbira pansi pa nsaluyo kuti palibe munthu adzaonenso fupa langa.

Posakhalitsa misika inatseguka, aliyense amene ali ndi kangachepe anayamba kugula mbewu. Ndinagulitsa mbuzi zitatu, n'kupita ku Mponela kukagula sikelo yokoloweka, ija yozungulira ngati wotchi, yokhala ndi mbedza kunsi. Amene anandigulitsayo anatsinzina diso limodzi n'kunena kuti, "Mayi, iyi ndi ya bizinesi. Ndailimbitsa pang'ono m'kati. Imadziwa mwini wake." Ndinamvetsa, ndipo sindinakane. Alimi akadandaula ndinkangomenya pagalasi ndi chala, n'kunena kuti, "Sikelo sinama, bambo. Mukangane ndi chitsulo?" Mawu amenewo ndinawanena tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu.

Ndalama zitayamba kulowa, ndinayamba kudya. Sindikunena kudya kwa munthu wanjala ayi, ndikunena kudya kwa munthu amene akuthamangitsidwa. M'mawa tiyi wa mkaka, shuga masipuni asanu, masikono anayi opaka majarini mpaka kudontha. Dzuwa likakwera, tchipisi cha pachiwaya, ndipo ndinkauza wokazingayo kuti asakhetse mafuta. Masana kanyenya wa nkhumba, ndikusankha kumene kuli koyera. Madzulo mang'ina ndi mitanda isanu. Ndikakhuta ndinkapuma pang'ono, n'kuyambanso. Nthawi zina ndinkadya misozi ikutsika, chifukwa chakudyacho sichinkakomanso, koma ndikangoganiza za amayi awiri aja dzanja linkabwerera lokha m'mbale.

Ndipo zinagwira ntchito, anzanga. Ichi ndiye choopsa chake. Anthu anayamba kundiimitsa panjira.

"Aa, Nambewe, mwanenepatu! Demokalase yakukondani inu."

"Koma ndiye muli bwino! Anthu amangolankhula, uyu ndi wodwala uyu?"

Mmodzi mwa amayi a pasiwa aja anandigwira mkono pa mjigo, n'kuufinya ngati akugula mbuzi, n'kunena kuti, "Mulungu ndi wamkulu." Tsiku limenelo ndinasangalala kuposa tsiku la ukwati wanga. Ndinapita kukagula mang'ina awiri.

Thupi linkandichenjeza, sindinganame. Mutu unkagunda kunkhongo kuno. Mapazi ankatupa moti patapata ankasiya mizere. Kwa amayi anga ku Kasakula kuli chitunda chimene ndinkakwera ndili ndi mtolo wa nkhuni kumutu, koma tsopano ndinkapuma kanayi ndili chimanjamanja, mtima ukugunda m'makutu. Kondakitala wa minibasi ankaseka kuti, "Mayi awa alipire malo awiri," ine n'kumaseka naye, ndikuyesa ulemu. Ndinkaona kuti zinthu sizili bwino, koma kusiya sindikanatha. Kumbuyo kunali pakamwa pa anthu, kutsogolo sindinkadziwa kuti kuli chiyani.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi wa Juni, mtedza uli pachimake, ndinakweza thumba kuti ndilikoloweke pa mbedza. Dzanja ili linangoleka. Ndinafuna kuitana munthu, koma lilime linali ngati la wina. Ndinadzidzimuka ndili pabedi m'chipinda icho chili kuseri kwanuko, malovu akutsikira pakhosi, Tiyamike ataima pakhomo atagwira chitseko. Anaima chimodzimodzi mmene ankaimira nthawi ya abambo ake.

Nditayamba kuyenda, anamwino omwewa anandikweza pa sikelo yapansi ija. Makilo 97.

"Mayi Nambewe," anatero, "mwaposa thumba lalikulu la chimanga. Iyi inali sitiroko yaing'ono, yangogogoda. Ikabweranso sigogoda, imangolowa. Mankhwala ndikupatsani, koma thupili likapitiriza kukwera, mankhwala okha sakwanitsa."

Ndinati, "Ndiye mukuti ndiwonde? Anthu adzati chiyani?"

Kenako anati, "Anthu amenewo adzabwera kudzakutembenuzani pamphasa? Adzamulera mwana uyo?" Ndiye anati, "Za kuwonda tizisiye kaye. Choyamba musakwerenso. Si inu a sikelo? Muzidziyeza m'mawa uliwonse, kuti kilo ikabwera muione isanaitane anzake."

Ndinafika kunyumba, ndipo kwa milungu iwiri sindinachite kanthu. Ndinkangokhala pakhonde, dzanja lili lende, ndikudya zomwe zija. Ndinalibe mphamvu, ndinalibe nzeru. Ndikadya ndife, ndikapanda kudya andiike m'manda ndili moyo. Ndisankhe chiti?

Tsiku lina ndinati ndiyese. Ndinamangirira sikelo yanga kunthambi ya mango kuseri kwa nyumba. Ndinatenga thumba lolimba, kulipinda, kumanga makona ake ndi chingwe, n'kukhala m'katimo miyendo ili lende. Mukudziwa mmene timapachikira makanda kusikelo ya ana. Ndi mmenemo basi, koma khanda lake la zaka makumi atatu ndi zisanu. Vuto linali lakuti ukapachikika, manambala ali pamwamba pa mutu wako, sungawaone. Ndinaitana mayi woyandikana nane nyumba kuti andiwerengere. Anaseka mpaka kugwira mtengo, kenako anati, "88."

Makilo 88! Milungu iwiri yokha, makilo asanu ndi anayi apita, ine osasiya ngakhale sikono limodzi. Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira, mwadziwa kumene nkhani ikupita. Ine sindinadziwe. Mukhoza kunena kuti n'zosatheka, munthu angaiwale bwanji sikelo yake? Koma bodza ukalinena m'mawa ndi madzulo zaka zitatu, limasanduka mnansi wako. Ndinamenya pagalasi ndi chala n'kunena ndekha kuti sikelo sinama. Ndinauza anthu kuti sikelo ya kuchipatala ndi yakufa. Mwezi wonse ndinkadziyeza, 88, 89, 89, n'kumadya mtima uli pansi.

Tsiku lodzatenga mankhwala litakwana, ndinakwera pa sikelo ya pano monyada. Makilo 99. Ndinakangana nawo anamwinowa, ali apo angandichitire umboni. Ndinati akonzetse chitsulo chawo. Iwo anangoti, "Mayi, bipi yanu nayonso yakwera. Kapena nayonso ndi yonama?" Ndinapita kunyumba nditakwiya, koma m'kati ndinali ndi mantha.

M'mawa mwake kunabwera a Losi. Amene simukuwadziwa, a Losi ndi mayi wochokera ku Phalombe, amuna awo ndi atenanti pa esiteti ya fodya kutsidya kwa dambo. Amalima tinyemba m'mphepete mwa munda wa abwana, ndipo zaka zonsezo ankagulitsa kwa ine. Sanandipeze pamkuyu, ndiye anandilondola kunyumba atasenza kathumba kawo. Anazungulira kuseri, n'kundipeza ndili lende m'thumba langa, ndikudikira wondiwerengera.

Sanaseke. Anatula nyemba zawo pansi, n'kuima manja ali m'chiuno.

Ndinati, "A Losi, tandiwerengereni pamwambapo."

A Losi sukulu sanapite, koma manambala a pasikelo amawadziwa kuposa aphunzitsi. Anayang'ana, n'kunena kuti, "Yalemba 89."

Ndinati, "Mwaona? Kuchipatala akuti 99. Anthu ophunzira koma sikelo yawo yonama."

Kenako anafunsa kuti, "Mayi, sikelo imeneyi si yomwe ija ya pamkuyu?"

"Ndi yomweyo."

"Ndiye muonjezerepo aja mumatidyerawo."

Ndinati, "Mukutanthauza chiyani?"

"Mukufunsa ine? Pa makilo khumi aliwonse imameza imodzi. Ife tonse timadziwa, kungoti tilibe kwina kopita. Tsikani muone."

Ndinatsika. Pakhonde panali thumba la feteleza losatsegula, lolembedwa makilo 50. A Losi analikoka okha, n'kulikweza, n'kulikoloweka pa mbedza. Muvi unayenda, unayenda, n'kuima pa 45.

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Sindinakhale chifukwa cha mwendo ayi. Mwezi wathunthu ndinali ndikukwera, magazi akuthamanga, sitiroko yachiwiri ikuyandikira, ndipo chimene chinkandinyengerera chinali chitsulo chimene ndinachivomera ndekha kuti chizinyenga anzanga. Choipa chitsata mwini, akuluakulu sananame. Ndinalira mokweza, kulira kwa pamaliro. Manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi, moti sindinkadziwa kuti ndikulirira chiti.

A Losi anandisiya ndilire. Kenako anakhala pa thumba la feteleza lija n'kunena kuti, "Ife imatichotsera ndiwo za ana. Inu ikanakuchotserani moyo. Nanga mwana wanu uja akanatsala ndi ndani?"

Ndinati, "Ndikhululukireni."

Anati, "Kukhululuka ndi nkhani ina, tidzakamba. Kaye kakonzetseni chinthuchi. Ine njira yanga yopita kumjigo ndi ino. Ndizidzakuwerengerani, ndipo sindidzakuchotserani ngakhale theka."

Sikeloyo ndinapita nayo ku Mponela, kwa mmisiri wina, osati uja. Anaimasula. Nditabwera tinakolowekanso feteleza uja, muvi n'kuima pa 50. Ndinakhala m'thumba, a Losi n'kunena kuti, "99." Ndi sikelo yomweyo imene ndikugulira mbewu lero pamkuyu. Phindu linachepa, sindikubisirani, ndipo majarini anachoka okha panyumba popanda kuwathamangitsa.

Tsopano mmene timachitira ndi umu. Ndikadzuka ndimapita kuchimbudzi kaye, ndipo ndisanamwe kanthu ndimavala nsalu yomwe ija ya masiku onse, n'kukhala m'thumba. A Losi amawerenga. Ine ndimatenga khala, n'kulemba nambalayo pakhoma la kuseri, pansi pa ya dzulo. Khoma likadzaza ndimazira ndi dothi, n'kuyambanso pamwamba. Poyamba ndinkaopa nambala iliyonse, koma ndinaphunzira kuti tsiku limodzi silinena kanthu. Ukadya zamchere kwambiri, mawa muvi umakwera, mkuja umabwerera. Koma ukakwera masiku atatu otsatizana, pamenepo ndimakhala pansi n'kudzifunsa kuti chalowa m'kamwa muno n'chiyani. Nthawi zonse chimapezeka. Mwina ndi ukwati wa Loweruka, mwina ndi chiwaya chija chimene fungo lake limandiitana ndi dzina.

Ubwino wake ndi umenewu. Kilo imodzi umaibweza m'mlungu umodzi, ungochepetsa mtanda n'kuyenda wapansi. Makilo khumi amene akulowerera usakuona, amenewo amakugwetsa pamsika anthu akuona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, musadikire mwezi wathunthu kuti anamwino akuuzeni. Mulibe sikelo? Pamsika zilipo, kuchigayo ziliko. Koma muyambe mwakolowekapo thumba la feteleza. Ndikudziwa chimene ndikunena.

Mitanda ndinaitsitsa kufika pa iwiri, masamba ndiye ambiri. Shuga sipuni imodzi. Ulendo wa ku Kasakula ndimatsikira patali dala, kuti chitunda chija ndichikwere, ngakhale ndimakoka mwendo.

Musaganize kuti ndapambana. Zaka ziwiri zapita, ndipo ndinangotsika kufika pa 86. Pamenepo muvi unakana, sukufunanso kutsika. Dzanja ili silinabwerere, nsalu ndimamanga ndi limodzi. Masiku ena ndimagonja, ndimadya tchipisi kuseri kwa golosale ngati wakuba, mawa lake a Losi n'kuwerenga nambala, n'kundiyang'ana. Ndipo chimene ndinkaopa chija chinabwera. Bulawuzi itangoyamba kukhwepa, pa mjigo panayamba manong'onong'o. "Tinanena ife. Zayamba." Amene ankandifinya mkono aja tsopano amandipatsa moni ali patali. Magazi anga sindinayezetse, kuyezetsako n'kutali ndipo ndimaopa. Chimene chili m'thupi muno sindichidziwa. Pakamwa pa anthu sindingapatseke, ndayesa ndi mang'ina, ndalephera.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri sichinachokere kumjigo.

Miyezi itatu yapitayo muvi unayamba kukwera. 87, 87, 88. Ndinadzifufuza, osapeza cholakwa. Ukwati kunalibe, chiwaya sindinapiteko. Kungoti ndiwo zinkakoma mwachilendo, ndipo botolo la mafuta limene limatha mwezi linatha m'masiku khumi. Tsiku lina ndinabwerako msanga kumsika. Ndinalowa kukhitchini, n'kupeza Tiyamike, amene tsopano ndi mtsikana wa Sitandade 7, akuthira mafuta m'mbale yanga ya masamba. Yake anaisiya, ankathira yanga yokha, n'kumatakasa kuti ndisaone.

Ndinakuwa kuti, "Iwe! Ukufuna kundipha?"

Botolo linagwa. Anaima chilili. Kenako anati, "Amayi, kusukulu akuti mukuwonda ngati ababa. Ababa anayambanso choncho. Lamba wawo munkaboola ndi msomali, ine ndinkaona."

Anzanga, tamvani. Mantha omwe aja amene anandinenepetsa ine anali atasamukira mwa mwana wanga, ndipo ankandidyetsa imfa chifukwa chondikonda. Ndimuuze chiyani? Ndimulonjeze kuti sindidzafa? Sindine Mulungu. Ndimuuze kuti magazi anga ali bwino? Sindikudziwa, ndipo mabodza ndinasiyira pasikelo.

Ndinamugwira ndi dzanja labwinoli, n'kupita naye kuseri, pakhoma. Ndinati, "Werenga kuyambira pamwamba."

Anawerenga akusisima. "86. 86. 87. 86. 85. 86."

Ndinati, "Pitiriza." Anawerenga mzere wonse, miyezi iwiri yathunthu.

Ndinati, "Abambo ako ankatsika osaima, unaona wekha. Apa ukuona kutsika?"

Anati, "Ayi."

"Ukuona kukwera?"

"Kumapetoku kokha."

"Kumeneko ndi kwa mafuta akowo. Tamvera, mwana wanga. Ndikakwera, sitiroko indipeza. Ndikayamba kutsika osaima, ndiye kuti pali china, ndipo khoma ili lidzatiuza ife awiri anthu a kumjigo asanadziwe, tidzathamangira kuchipatala limodzi. Sindingakulonjeze zambiri. Koma khoma ili silidzakunamiza, ndipo ine sindidzalifufuta usanaliwerenge."

Anayang'ana manambala aja nthawi yaitali. Anaika chala pa 86 mmodzi, chala n'kuda ndi khala. Kenako anabwerera kukhitchini kukandiphikira masamba ena.

Ndiye inu amene mukuopa kuti anthu adzati chiyani, ine ndilibe mankhwala a pakamwa pawo. Adzalankhula mukanenepa, adzalankhula mukawonda, ndipo pa maliro anu adzadya n'kubwerera kwawo. Ine chimene ndili nacho ndi nthambi ya mango, thumba, khala, ndi mayi wa ku Phalombe amene sandichotsera ngakhale theka.

Lero m'mawa ndisanabwere kuno, a Losi anawerenga 86. Ndinalemba. Tiyamike anatuluka atavala yunifolomu, anazungulira kuseri, anayang'ana pakhoma, n'kutenga mabuku ake. Ndinaima pakhonde kumuyang'ana mpaka anakafika pa mphambano. Sanacheuke ngakhale kamodzi.

Zenera latseguka. Tiyeni tikalandire mankhwala, koma mundilole ndikhale patsogolo, mwendo uwu.